Ndalemba SAT kawiri: nditumize malikisi ati ku koleji?

Loweruka lina mu Novembala, mwana wa mchemwali wanga anafika kwathu atanyamula laputopu yobwereka, maso ali ofiira ngati munthu amene sanagone. Mtsikanayu anamaliza Fomu 4, MSCE anakhoza bwino, ndipo mtima wake uli pa kukaphunzira ku America. Mayeso a SAT anali atalemba kawiri. Asanamwe n'komwe tiyi anati: "Amalume, inu mumaphunzitsa Fizikisi, manambala ndi anu. Ndiuzeni, nditumize zotsatira ziti? Zoyambazo ndikufuna ndizibise, zikundichititsa manyazi."

Zotsatira zake zinali chonchi:

Ogasiti: Reading and Writing 640, Math 690, zonse pamodzi 1330.
Okutobala: Reading and Writing 690, Math 660, zonse pamodzi 1350.

Nkhaniyi sinali ya manyazi okha ayi. Mayesowa amalipidwa mu madola, ndipo mchemwali wanga anali atalipira kale kawiri. Tsopano ankanena kuti ngati mwanayo akufunika kulembanso mu Disembala, agulitsa ena mwa matumba a chimanga amene anasungira miyezi ya njala. Ndiye yankho langa linkakhudza nkhokwe ya banja.

Ndalemba phunziroli chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu mudzakumana ndi funso lomweli. Koma ngakhale amene mulibe maganizo opita ku America, musachoke. Mkati mwa funsoli muli sayansi ya kuyeza zinthu, yomwe mudzaigwiritsa ntchito mu labu, pa msika, ngakhale powerenga lipoti lanu la kumapeto kwa teremu.

Choyamba, mayesowa ndi otani?

Ku America kulibe mayeso amodzi a dziko lonse omalizira sekondale ngati MSCE yathuyi, imene amakonza ndi a MANEB. Sukulu iliyonse imapereka magiredi ake. Ndiye makoleji amafuna muyeso umodzi woti ayezere ophunzira ochokera m'sukulu zosiyanasiyana, ndipo miyeso yotchuka ndi iwiri.

SAT imakonzedwa ndi bungwe la College Board, ndipo inayamba kulembedwa mu 1926. Ili ndi zigawo ziwiri: Reading and Writing, komanso Math. Chigawo chilichonse chimapereka malikisi kuyambira 200 mpaka 800, kotero zonse pamodzi zimachokera pa 400 kufika pa 1600. Kuyambira mu Malichi 2023, ophunzira a kunja kwa America amalemba pa kompyuta. Mafunso alipo 98, nthawi yake ndi maola 2 ndi mphindi 14. Chigawo chilichonse chagawidwa pawiri, ndipo mmene mwachitira m'gawo loyamba ndi zimene zimaweruza ngati gawo lachiwiri likhale lovutirapo kapena lophwekerapo.

ACT inayamba mu 1959, ndipo malikisi ake amachokera pa 1 kufika pa 36. Makoleji amene amafuna mayeso amalandira iliyonse mwa iwiriyi.

Mayesowa salowa m'malo mwa MSCE yanu. Koleji imaonanso magiredi anu a ku sekondale, nkhani imene mwalemba yofotokoza za inu, ndi makalata a aphunzitsi anu. SAT ndi umboni umodzi pakati pa maumboni angapo.

Malikisi ndi muyeso, ndipo muyeso uliwonse umaphonyako

Ndisanamuyankhe mtsikana uja, ndinamufunsa ngati akukumbukira tsiku limene anayeza pendulum mu labu. Anaseka. Inunso mukukumbukira, eti? Mumamangirira kachitsulo ku chingwe cha masentimita 50, n'kuwerenga nthawi imene katenge kuti kapite ndi kubwera ka 10. Samu imati ziyenera kukhala masekondi pafupifupi 14.2. Koma mukayeza kanayi, wotchi imakupatsani 14.1, kenako 14.4, kenako 14.2, kenako 14.3.

Kodi chingwe chatalika pakati pa kuyeza koyamba ndi kwachiwiri? Ayi. Mphamvu yokokera zinthu pansi yasintha? Ayinso. Chimene chasintha ndi chala chanu: pena chafulumira kudina wotchi, pena chachedwa. N'chifukwa chake aphunzitsi amakuuzani kuti mubwereze kangapo n'kupeza avereji. Palibe amene amalemba mu lipoti kuti pendulum "inalimbikira" ulendo wachiwiri.

Mayeso nawo ndi wotchi yotere. Akuyesa kuyeza chinthu chimene chili m'mutu mwanu, koma ali ndi mafunso 98 okha, tsiku limodzi lokha. Lero mwina kwabwera mafunso ambiri a mutu umene mumaukonda. Mwina munagona mochedwa chifukwa magetsi anayaka usiku ndipo munkatchaja laputopu. Mwina pa mafunso awiri munangolota ndipo zinakuyenderani. Zonsezi zimakankhira malikisi m'mwamba kapena pansi, chikhalirecho nzeru zanu zili pomwepo.

A College Board eni ake amavomereza zimenezi. Pa lipoti la zotsatira samangolemba nambala imodzi. Amaikanso malire a m'munsi ndi a m'mwamba, kusonyeza kuti mukanalembanso osaphunzira china chatsopano, malikisi anu akanagwera penapake pakati pamenepo. Kusuntha kwa mapointi 30 kapena 40 pa malikisi onse n'kwachizolowezi.

Tsopano taonaninso zotsatira za mtsikana uja. 1330 ndi 1350 zikusiyana ndi mapointi 20 okha. Uku n'chimodzimodzi 14.2 ndi 14.3 pa wotchi ija. Ndinamuuza kuti: "Iwe, zimene ukufuna kubisazi ndi zimene ukunyadirazi ndi munthu mmodzi yemweyo, wayezedwa kawiri basi." Anakhala kaye chete, kenako anati, "Ndiye ndangovutika mtima ulere mwezi wonsewu?"

Gwirani mfundo iyi, chifukwa zonse zotsatirazi zaima pa iyo: kusiyana kwakung'ono pakati pa zotsatira ziwiri si nkhani. Kusiyana kwa 100 kapena 150 ndiye kukhoza kukhala kuti munthu waphunziradi china.

Koleji iliyonse ili ndi lamulo lake

Musanaganize zoti mutumize chiyani, dziwani kaye zimene koleji ikufuna. Malamulo alipo a mitundu inayi, ndipo mayina ake mudzawapeza m'Chingerezi pa masamba a makoleji, choncho ndiwatchula momwemo.

Mtundu woyamba ndi wa makoleji amene amafuna zotsatira zonse. Georgetown University, ya ku Washington, imadziwika ndi lamuloli: ngati munalemba katatu, tumizani zitatu zonse. Apa palibe chosankha. Kubisa n'kuphwanya lamulo, basi.

Mtundu wachiwiri ndi wa makoleji amene amafuna mayeso koma amakulolani kusankha zoti mutumize. College Board inayambitsa njira yotchedwa Score Choice mu 2009. Imakulolani kusankha tsiku la mayeso limene mukufuna kuti lipite. Koma chenjerani: mumasankha tsiku, osati chigawo. Simungatumize Math ya Ogasiti yokha n'kusiya Reading and Writing ya tsiku lomwelo. Tsiku likapita, limapita lathunthu.

Mtundu wachitatu ndi test-optional: mukafuna tumizani, mukapanda kufuna siyani. Bowdoin College inayamba zimenezi kalekale mu 1969, koma makoleji ambiri anatsatira mu 2020 pamene Covid-19 inatsekereza malo olemberamo mayeso. Ena abwereranso ku lamulo lakale: MIT inalengeza mu 2022 kuti ikufunanso mayeso, ndipo Dartmouth, Brown ndi Harvard anachita chimodzimodzi mu 2024.

Mtundu wachinayi ndi test-blind, pena amati test-free: ngakhale mutumize, sayang'ana n'komwe posankha ophunzira. Nthambi zonse za University of California zili m'gululi. Kulipira kuti mutumize malikisi kumeneko pofuna malo n'kutaya ndalama m'madzi.

Mwaona mmene malamulowa asinthira m'zaka zochepa chabe? Ndiye musadalire zimene mnzanu anamva chaka chatha, ngakhale zimene ndalemba pano. Tsegulani tsamba la kolejiyo chaka chimene mukufunsira malo, muwerenge ndi maso anu.

Superscore, ndi chifukwa chake kubisa kukanamupweteka

Makoleji ambiri amachita chinthu chotchedwa superscore. Amatenga malikisi apamwamba a chigawo chilichonse pa masiku onse amene mwatumiza, n'kuwaphatikiza. Kwa ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Pa MSCE mukalemba maphunziro asanu ndi anayi, mapointi anu amawerengedwa pa asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo. Enawo samakukokerani pansi.

Tiyeni tiwerengere limodzi za mtsikana uja. Reading and Writing yapamwamba ndi 690, ya Okutobala. Math yapamwamba ndi 690, ya Ogasiti. Kuphatikiza, 1380.

Mwaona chimene chikanachitika? Akanabisa zotsatira za Ogasiti, zija zomuchititsa manyazi zija, koleji ikanaona 1350 yokha. Potumiza zonse ziwiri, koleji ya superscore ikuona 1380. Math yake yabwino inali m'thumba lomwe ankafuna kulitaya.

Lamulo lake n'losavuta. Ku koleji ya superscore, tumizani tsiku lililonse limene lili ndi chigawo chanu chapamwamba. Ku koleji imene imaona tsiku limodzi lokha labwino, tumizani tsiku limene malikisi onse pamodzi ndi apamwamba.

Nanga alembenso kachitatu? Titenge dayisi ya ludo

Apa ndi pamene panali nkhani ya chimanga ija. Mtsikanayo anati: "Amalume, ngati superscore imangotenga zapamwamba, ndikamalembabe si ndizingokwera?"

Ananena zoona pang'ono, ndipo dayisi ikutionetsa kuti pang'ono pakepo ndi pati. Mukaponya dayisi kamodzi, avereji ya zimene mungapeze ndi 3.5. Mukaponya kawiri n'kusunga nambala yaikulu yokha, avereji imakwera kufika pafupifupi 4.5. Mukaponya katatu n'kusunga yaikulu, imafika pafupifupi 5.0. Dayisi ndi yomweyo, sinaphunzire kanthu, koma kusankha chachikulu kumakweza nambala.

Koma taonani makwerero ake. Kuchoka pa kuponya kamodzi kupita pa kawiri, mwapindula pafupifupi 1. Kuchoka pa kawiri kupita pa katatu, mwapindula theka lokha. Ulendo uliwonse wowonjezera umabweretsa phindu locheperapo, pamene mtengo wa mayeso sutsika. Komanso mwayi umene tikunena pa SAT si waukulu ngati wa dayisi. Ndi mapointi makumi ochepa aja basi.

Palinso chinthu china chimene Francis Galton, wasayansi wa ku England, anachifotokoza mu 1886 atayeza misinkhu ya makolo ndi ana awo. Anapeza kuti ana a makolo ataliatali kwambiri amakhala aatali ndithu, koma kawirikawiri amayandikirako ku msinkhu wa anthu wamba. Chifukwa chake n'chakuti muyeso wopitirira kwambiri umakhala ndi kagawo ka mwayi, ndipo mwayi subwera kawiri motsatizana mwalamulo. Azungu amati regression to the mean, ife tingoti kubwerera ku avereji.

Pa mayeso zikutanthauza izi. Ngati pa mayeso oyeserera mumapeza pakati pa 1200 ndi 1250, ndiye tsiku lenileni mwapeza 1310, musathamangire kulembetsanso poganiza kuti mwayamba kukwera. N'kutheka kwambiri kuti ulendo wotsatira mudzatsikira kumene mumakhala. Koma ngati mumapeza 1300 nthawi zonse ndipo tsiku lenileni munadwala malungo n'kupeza 1150, kulembanso kuli ndi nzeru, chifukwa kubwerera ku avereji komweko kudzakukwezani.

Ndinamufunsa mtsikana uja malikisi a mayeso ake oyeserera a pa Bluebook, pulogalamu imene SAT imalembedwerapo. Onse anali pakati pa 1320 ndi 1370. Ndiye miyeso yonse inkanena chinthu chimodzi. Kunali kutatsala masabata atatu okha, ndipo m'masabata omwewo ankayenera kulemba nkhani zake zofunsira malo. Tinagwirizana kuti asalembenso. Chimanga chinakhala m'nkhokwe.

Koleji ikati "zili kwa inu", mutani?

Funso lovuta kwambiri lili pa makoleji a test-optional. Palibe amene akukukakamizani, ndiye muyenera kuweruza nokha ngati malikisi anu akuthandizeni kapena ayi.

Makoleji ambiri amasindikiza chikalata chotchedwa Common Data Set chaka chilichonse. Mukalemba dzina la koleji ndi mawu amenewa pa intaneti, kawirikawiri chimapezeka. Pitani pa gawo C9. Mupeza manambala otchedwa 25th, 50th ndi 75th percentile.

Tanthauzo lake ndi ili. Yerekezerani kuti ophunzira 100 a chaka choyamba afola pa mzere, kuyambira wa malikisi otsika mpaka wa malikisi apamwamba. Malikisi a amene waima pa nambala 25 ndiwo 25th percentile. A amene ali pakatikati ndiwo 50th. A wa pa nambala 75 ndiwo 75th. Theka la ophunzira onse lili pakati pa wa 25 ndi wa 75.

Tiyerekeze koleji imene manambala ake ndi 1300, 1370 ndi 1440. Wa 1380 ali pamwamba pang'ono pa wapakati, ndiye atumize, osakayika. Wa 1450 atumize akumwetulira. Wa 1150 ali pansi kwambiri pa wa nambala 25, ndipo ngati magiredi ake ndi abwino, angachite bwino kusiya kuti magirediwo amulankhulire. Nanga wa 1310 kapena 1290? Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa manambala aja ali ndi kamsampha.

Msampha wake ndi uwu: ku koleji ya test-optional, manambala amawerengedwa pa okhawo amene anatumiza malikisi. Ndani amatumiza? Amene anakhoza bwino, si choncho? Tiyese ndi kalasi ya ana 10 amene apeza 40, 45, 50, 55, 60, 65, 70, 75, 80 ndi 90. Kuphatikiza zonse ndi 630, avereji ndi 63. Tsopano aphunzitsi anene kuti, "Amene akufuna abweretse mapepala awo tiike pa bolodi." Asanu apamwamba okha ndi amene abweretsa: 65, 70, 75, 80 ndi 90. Avereji ya pa bolodi ndi 76.

Mwana wa kalasi ina amene wapeza 70 akaona 76 pa bolodi adziona ngati wolephera, n'kubisa pepala lake. Chonsecho avereji yeniyeni ndi 63, ndipo iye ali pamwamba pake. Akabisa, avereji ya pa bolodi ikweranso, ndipo chaka chamawa ngakhale wa 75 ayamba kuchita mantha. Asayansi amakumana ndi vutoli nthawi zonse: ukayeza okhawo amene adzipereka okha, yankho limapendekera mbali imodzi.

N'chifukwa chake pa gawo C9 lomwelo muyang'anenso nambala ina: ndi ophunzira angati pa 100 alionse amene anatumiza SAT kapena ACT. Ngati ndi pafupifupi onse, manambala aja akhulupirireni. Ngati ndi ochepera theka, dziwani kuti akwezedwa, ndipo malikisi amene ali pafupi ndi 25th percentile si oti n'kuchita nawo manyazi.

Izi si samu ya pa pepala chabe. Pamene Dartmouth inkabwezeretsa lamulo la mayeso mu Febuluwale 2024, inafotokoza zimene aphunzitsi ake anapeza atafufuza: ophunzira ena ochokera m'mabanja osauka ndi m'sukulu zosatchuka ankabisa malikisi ngati 1400 poona kuti ndi otsika poyerekeza ndi avereji ya kolejiyo, pamene malikisi omwewo akanawathandiza kupeza malo. Koleji imawerenga malikisi moyang'ana kumene munthu wachokera. 1400 ya mwana wa sukulu imene ilibe laibulale imanena zambiri kuposa 1400 ya mwana amene anali ndi mphunzitsi wapadera kunyumba chaka chonse.

Kwa ife mfundoyi ndi yolemera. Munthu wosankha ophunzira ku Ohio kapena ku Maine mwina sanamvepo dzina la sukulu yanu, ndipo mwina ayenera kufufuza kaye kuti adziwe kuti pa MSCE giredi 1 ndiye yapamwamba, osati 9. Koma 690 ya Math amaidziwa bwino. Ndi chilankhulo chake. Mukaibisa, mwamulanda chinthu chimodzi chimene akanachimva popanda womasulira. Ndipo ngati mukufuna uinjiniya kapena sayansi, Math ndiyo adzayambe kuyang'ana.

Komanso fufuzani za thandizo la ndalama. Makoleji ena salamula mayeso kuti munthu alowe, koma amawafuna popereka sikolashipu zina. Kwa ambiri a ife, kupeza malo popanda thandizo n'chimodzimodzi osapeza.

Ngati muli ndi SAT ndi ACT zonse

Simungayerekezere 1350 ndi 30 mwachindunji, monganso simungayerekezere makilogalamu ndi mapaundi osasintha kaye. Mu 2018 mabungwe awiriwa anatulutsa tebulo losinthira. Malinga ndi tebulolo, ACT 24 ikufanana ndi SAT pafupifupi 1180, ACT 28 ndi 1310, ACT 30 ndi 1370, ndipo ACT 34 ndi 1500. Sinthani kaye, kenako tumizani imene ili pamwamba. Zikakhala pafupi, kumbukirani pendulum: ndi muyeso umodzi, tumizani iliyonse kapena zonse. Ingodziwani kuti superscore siphatikiza Math ya SAT ndi English ya ACT. Mayeso alionse amayenda okha.

Timisampha tina titatu

Koyamba ndi kutumiza kwaulere. College Board imakulolani kutumiza zotsatira ku makoleji anayi osalipira, bola musankhe pasanathe masiku 9 kuchokera tsiku la mayeso. Vuto lake, zotsatira zimatuluka pakatha pafupifupi masabata awiri, ndiye mumatumiza musanaone. Gwiritsani ntchito mwayiwu pa makoleji amene amafuna zotsatira zonse kapena amachita superscore, chifukwa kumeneko simutaya kanthu. Pa koleji ya test-optional imene simunatsimikize, dikirani muone kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kachiwiri ndi kulemba nokha malikisi pa fomu. Makoleji ambiri amakulolani kungolemba malikisi anu pa fomu yofunsira malo, monga ya Common App, ndipo lipoti lenileni amalifuna mukapatsidwa malo. Izi zimapulumutsa ndalama zambiri. Koma lembani ndendende zimene zili pa lipoti. 660 si 670, ndipo musati "ndingoonjezerako pang'ono". Manambala akadzasiyana, koleji ili ndi mphamvu yokulandani malo mutagula kale sutikesi.

Kachitatu ndi mayeso a Chingerezi monga TOEFL ndi IELTS. Awa ndi nkhani ina. Koleji ikhoza kukhala test-optional pa SAT koma n'kumafunabe umboni wa Chingerezi kwa ophunzira akunja. Ena amakhululukira amene anaphunzira sekondale yonse m'Chingerezi, koma muyenera kufunsa, osangoganizira. Zotsatira za mayeso awiriwa zimagwira ntchito zaka 2, choncho musalembe mofulumira kwambiri.

Zimene tinachita Loweruka lija

Tinatenga pepala n'kujambula tebulo. Mzere uliwonse koleji imodzi, ndipo pamwamba mafunso asanu: Lamulo lawo ndi lotani? Amachita superscore? Manambala a C9 ndi ati? Anatumiza ndi angati pa 100? Sikolashipu ikufuna mayeso?

Anali ndi makoleji asanu ndi limodzi. Ku anayi, 1380 yake inali pakati pa gulu kapena pamwamba, ndipo onse amachita superscore, choncho anatumiza masiku onse awiri. Ku imodzi, malikisi ake anali pansi pang'ono pa 25th percentile, koma otumiza anali ochepera theka, ndipo iye akufuna Chemistry, ndiye tinati 690 ya Math ipite. Ku yomaliza, anali pansi ndi mapointi oposa 100 ndipo ophunzira ambiri kumeneko amatumiza. Kumeneko sanatumize, ndipo sikunali kunama, chifukwa lamulo la kolejiyo limalola.

Pamene ndikulemba pano mayankho sanabwere. Makoleji ambiri amayankha chakumapeto kwa Malichi, ndipo mpikisano wa ophunzira akunja ofuna thandizo la ndalama ndi woopsa. Ndinamuuza kuti afunsirenso malo m'mayunivesite a boma kuno kwathu kudzera ku NCHE, ndipo wavomera. Potsanzikana anandifunsa kuti, "Amalume, mukuona ngati anditenga?" Ndinati sindikudziwa, koma ndikudziwa kuti manambala amene atumizidwa akunena zoona za iye, ndipo ali pamalo pamene angamuthandize.

Yesani nokha

1. Wophunzira wina anapeza Reading and Writing 580 ndi Math 700 mu Malichi, kenako 630 ndi 640 mu Meyi. Pezani malikisi onse a tsiku lililonse komanso superscore yake. Atumize chiyani ku koleji imene imaona tsiku limodzi lokha labwino?

2. Tengani dayisi ndi mnzanu. Ponyani kawirikawiri maulendo 30, ulendo uliwonse muzilemba nambala yaikulu yokha. Pezani avereji. Yayandikira 4.5?

3. Mu kalasi ya ana 10 ija, tiyerekeze kuti wa 65 ndi wa 70 nawonso achita mantha n'kuchotsa mapepala awo pa bolodi. Avereji ya pa bolodi ikhala chiyani? Nanga avereji yeniyeni ya kalasi yasintha?

Mayankho: pa funso loyamba, Malichi ndi 1280, Meyi ndi 1270, superscore ndi 1330, ndipo ku koleji ya tsiku limodzi atumize za Malichi, makamaka ngati akufuna maphunziro a samu. Pa funso lachitatu, otsala ndi 75, 80 ndi 90, avereji yawo ndi pafupifupi 81.7, pamene ya kalasi ikadali 63. Funso lachiwiri ndilibe yankho lake, chifukwa dayisi ndi yanu. Mukaponya, tiuzeni zimene mwapeza, tidzaphatikize ndi za anzanu tione ngati avereji ya gulu lonse iyandikire 4.5 kuposa ya munthu mmodzi.